Ndinalemba kuti siponji ili ndi majini a Hox, ndipo ndinalakwitsa

Ndisanabwere ku Johannesburg ndinaphunzitsa sayansi ya zamoyo kwa zaka zingapo pasukulu ina ya sekondale m'boma la Mangochi. Chaka chilichonse ndikafika pamutu wa magulu a nyama ndinkajambula makwerero pabolodi. Pansi penipeni ndinkaika siponji, nyama ya m'madzi ya timabowo yomata pamiyala, pamwamba pake jellyfish, nyama yofewa yoyandama m'nyanja yamchere, kenako nyongolotsi, nkhono, tizilombo, nsomba, mpaka munthu pansonga. Ana ankakopera mosamala m'makope mwawo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo chithunzicho chikadali m'mutu mpaka lero. Makwerero omwewo ndi amene anandigwetsa nditayamba maphunziro apamwamba pa yunivesite ina ya mumzinda muno, ndipo ndikulemba izi kuti Amalawi anzanga amene akulowa m'maphunziro amenewa, komanso aphunzitsi amene akadali ndi choko m'manja kumudzi, asataye miyezi iwiri monga ndinachitira ine.

Ndimakhala ku Rosettenville ndi amalume anga, amene anali msodzi ku Chembe asanabwere kuno kudzagwira ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za anthu. Tsiku loyamba nditawauza kuti ndikuphunzira za majini anandiyang'ana mwankhawa, poti kwathu mawu amenewa amanena za mizimu yovutitsa anthu. Ndinawafotokozera kuti ndikunena zigawo za DNA, malangizo olembedwa m'kati mwa selo lililonse, amene mwana amatengera kwa makolo ake. Mwa majini zikwizikwi amene nyama imakhala nawo, pali kagulu kochepa kamene ntchito yake ndi kulamula majini ena pamene mluza ukukula: kuno kukhale mutu, uku kukhale mchira, apa pamere mwendo, apo paphuke diso. Amenewa ndiwo majini a kakulidwe ka thupi, ndipo funso la kafukufuku wanga linali lakuti anayamba liti, nanga nyama za m'nyanja yamchere zopanda fupa la msana, zimene zilibe mutu kapena mwendo, zili nawo angati.

Odziwika kwambiri m'gululi ndi majini a Hox. Edward B. Lewis wa ku California Institute of Technology anatha zaka zambiri akuweta tintchentche tating'ono ta pazipatso totchedwa Drosophila, ndipo anapeza kuti majini ena akasokonekera, chigawo chimodzi cha thupi chimasanduka chinzake, moti ntchentche imene mwachibadwa ili ndi mapiko awiri imatuluka ndi mapiko anayi. Ntchentche ina, jini lotchedwa Antennapedia likayaka pamalo olakwika, imamera miyendo pamutu pamene panayenera kukhala tinyanga. Lewis anaonanso chinthu chimene chimandidabwitsabe, chakuti majiniwa anandandalikana pa kromozomu, chingwe cha DNA cha m'kati mwa selo, motsatira ndondomeko ya zigawo za thupi zimene amalamula, kuyambira cha kumutu kupita kumchira. Mu 1995 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus. Izi zisanachitike, mu 1984, asayansi a ku Basel ndi a ku Indiana anali atapeza kuti majini onsewa ali ndi kachigawo kofanana ka zilembo 180 za DNA, kamene anakatcha homeobox, ndipo posakhalitsa kachigawo komweko kanapezeka mwa chule, mbewa ndi munthu. Ntchentche ili ndi majini a Hox 8, munthu ali nawo 39 m'magulu anayi, ndipo limodzi mwa iwo, HOXD13, likasokonekera mwana amabadwa ndi zala zomatirirana kapena zopitirira chiwerengero.

Ntchito imene anandipatsa inkaoneka yophweka. Ndinayenera kufufuza majini okhala ndi homeobox mu DNA ya siponji yotchedwa Amphimedon queenslandica, imene imapezeka ku Great Barrier Reef ku Australia, ndipo DNA yake yonse inafalitsidwa mu 2010. Johannesburg ili kutali ndi nyanja, koma ntchito yamtunduwu sifuna bwato, imangofuna kompyuta ndi intaneti, chifukwa zonse zili m'nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya NCBI, yosungira zilembo za DNA ya zamoyo, mmene muli chida chofufuzira chotchedwa BLAST. Munthu amaikamo zilembo za jini limene akulidziwa, ndipo chidacho chimamubweretsera zonse zofanana nalo mu nyama imene wasankha. Ndinatenga homeobox ya jini limodzi la Hox la mbewa, ndinafufuza mu siponji, ndipo pasanathe mphindi panabwera mayankho angapo ofanana nalo kwambiri.

Usiku umenewo ndimaukumbukira bwino. Magetsi anali atazima monga ankachitira masiku amenewo, ndipo ndinali nditasindikiza pepala masana, choncho ndinaliyala patebulo la kukhitchini pafupi ndi kandulo. Homeobox imapanga kachidutswa ka puloteni ka ma amino acid 60, tizigawo timene timalumikizana n'kupanga puloteni, ndipo asayansi amalemba amino acid iliyonse ndi chilembo chimodzi. Ndinali ndi mizere itatu, wa mbewa, wa ntchentche ndi wa siponji, zilembo zitandandalikana chimodzi pansi pa chinzake. Cha kumapeto kwa mzere uliwonse kunali zilembo zomwezomwezo, WFQNRR, zimene zili m'mbali ya puloteni yogwira DNA. Ndinazizunguliza ndi cholembera chofiira, manja akunjenjemera, poganiza kuti nyama yopanda ubongo, yopanda matumbo, yomata pamwala ikangokula, ikusunga mawu omwe ali m'thupi langa. Chisangalalo chimenecho chinali choyenera ndipo sindichita nacho manyazi. Cholakwa chinali chimene ndinalemba m'mawa mwake, chakuti siponji ili ndi majini a Hox, ndipo pamwamba pa chiganizo chimenecho ndinamangapo masamba ambiri kwa milungu isanu ndi itatu osaonetsa aliyense.

Mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga atawerenga sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndinatenga majini a siponjiwo n'kuwafufuzanso mu mbewa, kuti ndione ngati angandibwezere kumene ndinachokera. Ndinali ndisanachite zimenezo. Titachitira limodzi pakompyuta yawo, palibe ngakhale limodzi limene linabwerera ku Hox. Onse analoza ku majini a mtundu wina, a banja la NK, monga Msx. Anandifotokozera kuti homeobox si chizindikiro cha Hox yokha, koma ya fuko lalikulu la majini, limene nthambi zake zina zimapezeka ngakhale mu zomera ndi mu bowa, ndipo munthu ali ndi majini oterowo oposa 200. BLAST imangonena kuti ichi chikufanana ndi icho, sinena kuti ichi ndi mwana wa yani. Kuti munthu adziwe zimenezo ayenera kusonkhanitsa majini a nyama zambiri, kuwandandalika ndi pulogalamu ngati MAFFT, kenako n'kumanga mtengo wa chibale ndi pulogalamu ngati IQ-TREE, n'kuona nthambi imene jini lake lagwera. Mapulogalamu onsewa ndi aulere, ndipo nkhani yakuti Amphimedon ili ndi majini a NK koma ilibe a Hox inali itafalitsidwa kale mu 2007. Ndikanawerenga kaye zimene ena analemba ndisanathamangire kukompyuta, ndikanadziwa tsiku loyamba.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi, ndipo amalume atandifunsa ndinawauza zonse mmene ndikanathera. Iwo anati, "Mphwanga, kwathu kunyanja ukamva kuti uyu ndi Phiri, uyonso ndi Phiri, sunena kuti ndi mimba imodzi. Umayamba wafunsa kuti mayi ake ndani, agogo ake anachokera kuti." Ndinawayankha kuti, "Malume, zimene mwanenazi ndi zomwe andiuza kusukulu lero." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwafotokozera chilichonse chimene ndawerenga, chifukwa ndinaona kuti chinthu chimene sindingathe kuchinena m'Chichewa kwa munthu wanzeru amene sanapite patali ndi sukulu, ndiye kuti inenso sindinachimvetse.

Nditakonza cholakwa choyambacho ndinagwera m'chachiwiri, ndipo ichi ndicho chinachokera m'makwerero aja. Ndinalemba kuti popeza siponji ilibe Hox, ndiye kuti ikutionetsa mmene nyama zinalili Hox isanayambe, ngati kuti siponji ya lero ndi gogo wathu amene anaima pamalo amodzi pamene ena tonse tinkapita patsogolo. Koma siponji ya lero yakhala ikusintha kwa zaka zofanana ndendende ndi zimene mzere wathu wakhala ukusintha, kuchokera pamene tinasiyana zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo monga akatswiri ambiri amawerengera. Ndi msuweni wathu, si gogo wathu, ndipo msuweni akhoza kutaya katundu wa makolo amene ife tinasunga, kapena kusunga amene ife tinataya. Jini likasowa mu nyama, pali njira zitatu: mwina silinakhalepo m'mzere umenewo, mwina linalipo n'kutayika, mwinanso lilipo koma DNA imene inawerengedwa ili ndi mipata. Mu 2014 ofufuza a ku Bergen ku Norway analengeza kuti apeza jini la Cdx, la banja la ParaHox limene ndi lapachibale kwambiri ndi Hox, mu masiponji ena monga Sycon ciliatum. Akatswiri ena amatsutsa kamasuliridwe kameneko, koma mkanganowo pawokha unandionetsa kuti siponji imodzi singayankhulire masiponji onse.

Umboni umene unandigwetseratu makwerero unachokera ku kanyama kotchedwa Nematostella vectensis, ka mtundu wa sea anemone, kamene kamakhala m'matope a m'malo amene mitsinje imathira m'nyanja, m'mphepete mwa North America ndi kum'mwera kwa England. Ndi kathumba chabe kokhala ndi khomo limodzi lozunguliridwa ndi timikono, ndipo khomo lomwelo ndi lodyera komanso lotulutsira zotsala. DNA yake itafalitsidwa mu 2007 kanapezeka ndi majini pafupifupi 18,000, chiwerengero chosatalikirana ndi cha munthu, ndipo kapangidwe ka majini ake ambiri kanafanana kwambiri ndi athu kusiyana ndi a ntchentche. Pali banja la majini lotchedwa Wnt, limene maselo amatumizirana nalo uthenga wosonyeza mbali ya thupi imene ali. Mu 2005 ofufuza anapeza kuti Nematostella ili ndi magulu 11 mwa magulu 12 a Wnt amene ankadziwika nthawi imeneyo, pamene ntchentche ili ndi majini a Wnt 7 okha, ndipo kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans kali nawo 5. Tanthauzo lake ndi lakuti kholo la nyama zonsezi linali kale ndi chuma chochuluka, ndipo ntchentche, imene pamakwerero anga inali pamwamba, ndiyo inataya. Kanyongolotsi kameneka ndi kamene Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston mu 1927 ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Wits mumzinda muno, anakasankha kukhala kofufuzira kakulidwe ka thupi, mpaka analandira Nobel mu 2002. Ndikamadutsa ku Germiston pasitima kapena pa minibasi ndimakumbukira kuti nayenso anayambira kutali ndi nyanja.

Nematostella ili ndi majini a Hox, koma ntchito imene imawagwiritsira si yofanana ndi yathu. Mu 2018 ofufuza a ku Stowers Institute ku Kansas City anawazimitsa limodzilimodzi, ndipo malire a zipinda zisanu ndi zitatu za m'kati mwa thupi lake, zimene zimazungulira ngati zigawo za lalanje, anasokonekera, timikono tina n'kumatirirana. Mwa ife majini omwewo amayala thupi kuchokera kumutu kupita kumchira. Nditawafotokozera amalume zimenezi anati nsungwi ndi imodzi, mpeni ndi umodzi, koma mmisiri wina amaluka lichero, wina dengu, wina mono wogwirira nsomba, ndipo kusiyana kwake kuli pa malo amene wapinda ndi nthawi imene waleka kuluka. Fanizo limeneli ndalisunga chifukwa likunena zenizeni: matupi atsopano kawirikawiri sanabwere ndi majini atsopano okhaokha, koma ndi kusintha kwa malo, nthawi ndi mphamvu imene majini akale amayakira mu mluza.

Nyama zina zimangowonjezera umboni. Trichoplax adhaerens, imene Franz Eilhard Schulze anaipeza mu 1883 ikukwawa pagalasi la thanki ya madzi a m'nyanja ku Graz, ndi kachinthu kaphwatalala ka mamilimita ochepa, kopanda pakamwa, minofu kapena minyewa, koma DNA yake, imene inafalitsidwa mu 2008, ili ndi majini pafupifupi 11,500, kuphatikizapo ambiri amene mwa ife amagwira ntchito m'minyewa. Kumbali ina kuli Mnemiopsis leidyi, ya gulu la ma comb jelly, imene ili ndi minyewa ndi minofu koma majini a Hox sanapezeke mu DNA yake imene inafalitsidwa mu 2013, ndipo kafukufuku wa makromozomu wa mu 2023 analimbikitsa maganizo akuti gulu limeneli, osati masiponji, ndilo linayamba kupatuka pa nyama zina zonse. Nkhaniyi akatswiri akukanganabe. Ngakhale tamoyo ta selo limodzi totchedwa choanoflagellate, timene si nyama koma ndi achibale apafupi kwambiri a nyama, tili ndi majini a cadherin, amene mwa ife amamatiriza maselo pamodzi. Siponji yanga ija nayonso si yachabechabe monga ndinkaphunzitsira. Kamphutsi kake kamasambira, kali ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo jini la Wnt limayaka cha kumbuyo kwake, kumene kuli kamkombero ka maselo akuda othandiza kuzindikira kuwala.

Patchuthi china ndinasunga ndalama n'kukwera basi ya ku Durban, chifukwa zinkandipweteka kulemba za nyama zimene ndinali ndisanazionepo zamoyo. M'mawa madzi ataphwera ndinagwada pathamanda lina la pakati pa miyala, ndipo m'mng'alu munali sea anemone yotambasula timikono take ngati duwa. Nditaigusa pang'ono ndi chala ndinamva kukakamira ngati ulimbo wochepa, umene ndi timikondo tosaoneka totuluka m'maselo ake oluma, kenako inadzipinda pang'onopang'ono mpaka inasanduka kachotupa kokutidwa ndi mchenga ndi tizidutswa ta zigoba. Ndinakhala pomwepo mpaka inatsegukanso. Pansi pa mwala wina panali chinthu chofewa cha mtundu wa lalanje chokhala ndi timabowo, chimene ndikanachiyesa ndere ndikanapanda kuwerenga, ndipo inali siponji yoyamba yamoyo imene ndinaiona. Amene angapite kumeneko asamale ndi ma bluebottle amene mafunde amawataya pamchenga, chifukwa ndi a fuko lomwelo ndipo amaluma ngakhale atafa, komanso mwala uliwonse umene mwautembenuza muubwezere mmene unalili.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chakuti nkhaniyi inandibwezera ku nyanja yathu. Amalume amazidziwa mbuna ndi maso, ndipo amasiyanitsa ya mlomo woloza pansi, imene imapala ndere pamwala, ndi ya mlomo woloza kutsogolo. Ofufuza Craig Albertson ndi Thomas Kocher anakwatitsa mitundu iwiri ya mbuna za m'nyanja ya Malawi, Labeotropheus fuelleborni ndi Metriaclima zebra, ndipo anapeza kuti jini lotchedwa bmp4 lili m'gulu la amene amasiyanitsa nsagwada zawo, moti kumene limayaka kwambiri mu mluza nsagwada imakhala yaifupi ndi yolimba. Banja lomwelo la BMP ndi limene limasiyanitsa kumsana ndi kumimba mwa chule ndi mwa ntchentche, ndipo mu Nematostella limasiyanitsa mbali imodzi ya kathumba kaja ndi inzake. Nditawauza amalume kuti chida chimene chimaumba mlomo wa nsomba zimene ankaziona tsiku ndi tsiku chinalipo kale nsomba zisanakhaleko, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndibwerezenso pang'onopang'ono.

Wina angafunse chifukwa chake tikuvutikira ndi nyama zamoyo m'malo mofukula zakale. Zakalezo zilipo, ndipo si kutali ndi kuno: m'miyala ya kum'mwera kwa Namibia muli zotsalira za tamoyo ngati Cloudina, ta zaka pafupifupi 550 miliyoni. Koma mwala umasunga maonekedwe okha, DNA sikhalitsa nthawi yotalika choncho. Njira yokhayo yodziwira majini a makolo akalewo ndi kuyerekeza ana awo amene ali moyo lero, ndipo n'chifukwa chake kulakwitsa dzina la jini limodzi, kapena kuika msuweni pampando wa gogo, kumapotoza mbiri yonse.

Kwa amene akuyamba ntchito ngati yanga, ndikupemphani kuti musasunge zotsatira zanu milungu yambiri monga ndinachitira ine poopa kuoneka wosadziwa pakati pa anthu a dziko lina. Zionetseni sabata yoyamba, zikadali zosapsa. Jini lililonse limene BLAST yakupatsani mulifufuzenso chobwerera, ndipo musalipatse dzina mpaka mutaona nthambi yake pamtengo wa chibale wokhala ndi nyama zambiri, kuphatikizapo majini a mabanja oyandikana nalo. Lembani m'kope tsiku limene mwafufuza ndi mtundu wa DNA imene mwagwiritsa ntchito, chifukwa nkhokwezi zimakonzedwa kawirikawiri ndipo zimene zasowa chaka chino zikhoza kupezeka chaka chamawa. Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi lakuti pabolodi mujambule mtengo wa nthambi zofika msinkhu umodzi, siponji ndi munthu onse ali kunsonga, osati makwerero. Ine ndinalembera mnzanga amene anatenga kalasi langa ku Mangochi kumupempha kuti atero, ndipo ndinamutumizira chithunzi cha mtengowo pa WhatsApp.

Lipoti langa lomaliza linali lalifupi kuposa loyamba lija. M'bokosi la Hox pansi pa dzina la Amphimedon sindinalembe kuti ilibe, ndinalemba kuti sanapezeke mu DNA imene ilipo, ndipo ndinaonetsa njira zonse zimene ndinafufuzira. Ndikukonza lipotilo ndinawerenga kuti m'nyanja ya Malawi mulinso masiponji a m'madzi opanda mchere, ndipo mtundu wina unapatsidwa dzina lakuti Malawispongia potengera nyanja yathuyo. Nditawafunsa amalume ngati anaonapo zoterozo, anati nthawi zina akamamira kukakola ukonde umene wakodwa pansi ankakhudza zinthu zokhakhala zomata pamiyala, zimene sankaziyesa zamoyo. Tagwirizana kuti tikapita kumudzi mu Disembala adzanditengera pabwato kumalo amenewo, ndipo ndagula kale magalasi omirira awiri.